Manambala a Ragibi Anapundula Mwana Wanga

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinaonerera mwana wanga akuwonongedwa masana dzuwa likuswa mtengo, ine nditapinda manja. Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira mtima umandiwirabe. Ndinakwiyira amuna anga, ndinakwiyira mudzi wonse, ndipo kuposa onsewo ndimadzikwiyira ndekha.

Kwathu ndi ku Kasungu, koma ndinakwatiwa kufupi ndi Champhira, kummwera kwa Mzimba. Kwathu mwana ndi wakuchikazi, ndipo bambo akayamba kuchita zamisala, malume amabwera n'kumuuza kuti basi pakwana. Kuno anandilowola ndi ng'ombe, n'kuyamba kunditchula kuti NyaPhiri. Apongozi anandiuziratu kuti ana amene ndidzabereke ndi apamudzi pano, ine ndikadzachoka ndidzachoka ndi chitenje changa chokha. Ndinavomera uku ndikumwetulira, poti utsikana umavomera chilichonse.

Amuna angawo, a Shaba, anakhala zaka zambiri ku Bulawayo. Ntchito yawo inali yotchetcha kapinga ndi kulemba mizere ya laimu pabwalo la azungu la ragibi, mpira uja wooneka ngati dzira, umene anthu amathamanga nawo m'manja n'kumagwetsana ngati pali ndewu. Iwo sanausewereko ngakhale kamodzi. Pobwerera kumudzi, nthawi ija ya chipani chimodzi, anzawo ankafika ndi njinga ndi malata. Iwo anafika ndi magazini, atayibisa m'bulangete kuopa kuti angawalande pachipata. Munali nkhani ya mpikisano waukulu wa maiko umene unali utangotha, ndipo masamba ake anangodzaza manambala: timu iyi inapambana kangati, wosewera uyu ndi wamtali bwanji, akulemera makilo angati, anagwetsa anzake kangati.

Manambala amenewo anawaloweza kuposa Malamulo Khumi. Pamowa nkhani inali yomweyo, pamaliro yomweyo, mpaka anthu anawapatsa dzina loti a Ragibi. Ine ndinkaseka nawo. Ndinaleka kuseka tsiku limene ndinawapeza akuyang'ana mwana wathu Yotamu monga mmene wogula ng'ombe amayang'anira pamsika.

Yotamu anali wachisamba wathu, ali mu Sitandade 8. Thupi anatengera kwathu, wamapewa otambalala, koma mtima wake unali wofewa moti ngakhale nkhuku ankakana kuzinga. Ankafuna kudzakhala mlangizi wa zaulimi. Bambo ake anati zimenezo n'zaumphawi. Anati bwana wawo wa ku Bulawayo anawauza kuti akadzapeza mnyamata wolemera ngati zimphona za kutsogolo pa ragibi, zimene zimakankhana mitu ili pansi, adzapite naye kwa bwanayo. Kaya mzunguyo ananenadi, kaya ankangocheza, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti kuyambira tsiku limenelo mwana wanga anasanduka makilo.

Loweruka lililonse ankapita naye pamsika wa chimanga, n'kupempha wapasikelo kuti amuyeze. Sikelo yake inali yopachika, ndiye mnyamata wamkulu, wandevu zoyamba kumera, ankalowa m'chiguduli n'kukolekedwa pambedza, atsikana a m'kalasi mwake akuseka. Pobwera kunyumba bambo ake ankatsegula magazini, kuloza ndi chala n'kupukusa mutu. Mazira onse a pakhomo, chambiko chonse, mtedza umene ndinasunga wa mbewu, zonse zinkapita kwa Yotamu, azilongo ake akungomeza malovu. Iye ankadya misozi ili m'maso, ndipo akasanza ankamuwonjezera china.

Kenaka inabwera ngolo. Kuseri kwa khola lathu kuli kachitunda kotsikira kudambo. A Shaba ankamasula ng'ombe, kudzaza njerwa m'ngolo, n'kumuuza mwana kuti aweramitse mutu, aike khosi ndi phewa pathabwa lakumbuyo, akankhe kukwera chitunda. Ankati kumeneko ndiye kukankha kwa ragibi. Iwo ankagwira mtengo wa kutsogolo ndi dzanja limodzi, maso ali pawotchi. Inu owerenga, ng'ombe zinkadya msipu zikuonerera mwana wa munthu akugwira ntchito yawo! Kusukulu anayamba kujomba, chifukwa m'mawa khosi linkakana kutembenuka.

Ndinayankhulapo kamodzi. A Shaba anandiyankha kuti mkazi wa ku Kasungu angadziwe chiyani za mpira wa maiko. Ndinapita kwa apongozi, iwo anangoti mwana wamwamuna amakula ndi bambo ake. Ndinabwerera kukhitchini ndikudziuza kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mwambi umenewo lero ndimadana nawo.

Mwayi wopulumutsa mwana unabwera, ndipo ndinautaya ndi manja anga. Achimwene anga anabwera kudzationa, n'kuona mabala pakhosi pa Yotamu. Anakhala pansi ndi a Shaba mwaulemu wonse, koma yankho la a Shaba, losakaniza ndi Chitumbuka, linali lachipongwe.

"Alamu, ng'ombe munadya kale. Mbwenu mwana uyu ndi wanga. Yewo chomene pobwera."

Achimwene anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti ndiwapatse mwanayo m'mawa mwake, apite naye ku Kasungu ngati akukacheza, akalembere mayeso komweko, milandu idzatsatire pambuyo. Ine ndinakana. Ndinaopa kuti andithamangitsa pamudzi, ana aakazi andilanda, ndipo kwathu akawalamula kubweza ng'ombe zimene zinafa kalekale. Ndinawerengera ng'ombe, khosi la mwana wanga osaliwerengera. Achimwene anakwera basi osanditsanzika.

Tsokalo linagwa mvula zoyamba zitagwa. Dothi la pachitunda linali loterera ngati therere. Loweruka lapitalo sikelo inali itaonetsa kuti mwana watsika makilo, ndiye a Shaba anadzuka atapsa mtima. Anawonjezera njerwa, ndipo miyala imene ankatchingira matayala kuti ngolo isabwerere anaichotsa, amvekere miyalayo ndi imene ikumuchititsa ulesi. Ine ndinali pakhonde ndikupeta mphale, ndipo zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Yotamu anandiyang'ana asanaweramitse mutu. Ine ndinayang'ana m'lichero.

Atafika pakati pa chitunda phazi linaterereka. Ngolo inabwerera, mtengo unapulumuka m'dzanja la bambo ake, ndipo thabwa linamupinda khosi n'kumukanikizira pansi. Sanalire n'komwe. Tinamunyamula pachitseko mpaka kumsewu, kumene dalaivala wa lole yamatabwa anatichitira chifundo n'kutifikitsa kuchipatala. Anamwino anatikalipira kuti munthu wovulala khosi sagwedezedwa choncho, koma ife tikanadziwira kuti?

Tili pabenchi panja pa wodi, a Shaba anapukusa mutu n'kunena mawu amene sindidzawakhululukira mpaka m'manda.

"Kunangotsala makilo ochepa, NyaPhiri. Ochepa chomene."

Pamenepo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinawalalatira pamaso pa anthu, ndinawatchula mayina amene mkazi wa mvano sayenera kuwadziwa, mpaka alonda anabwera kudzandigwira. Koma kulalata kwa tsiku limenelo kunathandiza yani? Mawu omwewo ndikanawanena pakhonde paja, mwana wanga akanaimirira n'kuchoka pangolo.

Yotamu anakhala ndi moyo, koma dzanja lamanja linafota ndipo mwendo umodzi amachita kukoka. Mayeso sanalembe. Mudzi umene unkaseka pasikelo unayamba kunong'ona kuti alipo amene anamulodza, chifukwa kunena kuti bambo walakwa kunali kovuta kuposa kunamizira mfiti. A Shaba anamwalira osapepesa. Lero mwana wanga amakhala pakhonde la sitolo pa Mzimba boma, akugulitsa sopo ndi machesi, ndipo munthu akamuitana chakumbuyo amatembenuka thupi lonse.

Abambo, masewera si oipa, ndipo amene amasewera ragibi kunjako ali ndi owaphunzitsa odziwa ntchito yawo. Koma manambala a m'magazini ndi a anthu ena, odya zina, okulira kwina. Maloto amene anakukanikani inu musawasenzetse mwana. Mufunseni chimene iye akufuna, ndipo akayankha mumve.

Koma makamaka ndikunena ndi inu amayi anzanga amene munalowoledwa kutali ndi kwanu. Chikhalidwe tichilemekeze, koma palibe ng'ombe imene inagula pakamwa panu. Mukaona mwana akupwetekedwa, kuwani tsiku lomwelo, itanani abale, pitani kwa abusa kapena kwa aphunzitsi, ngakhale akuthamangitseni. Banja likatha mukhoza kukhalabe ndi moyo, koma khosi likathyoka silibwerera. Musadikire kuti mudzamve zimene ndinamva ine tsiku lina ndikumusambitsa Yotamu, atatuluka m'chipatala. Za bambo ake sanatchule n'komwe. Anangondifunsa motsitsa mawu, wopanda mkwiyo uliwonse:

"Amama, inu munkaona. Bwanji simunanene kuti ndileke?"