Njuga Pakhonde la Wodwala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga kufikira imvi, amenenso sanandilole kupereka umboni wonama pa mwana wa mnzanga, ngakhale ndinatsala pang'ono.

Zinachitika ku Nkhata Bay, zaka zija munthu sunkalowa mumsika popanda khadi la chipani. Ine ndinali mmodzi wa amayi a mpingo oyendera odwala. Lachinayi tikatuluka m'mapemphero tinkagawana makomo, ndipo langa linali la bambo ena amene anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi mwendo umodzi ndi chifuwa chosatha. Nyumba yawo inali pamtunda moyang'ana doko. Mkazi analibe. Ankawasamala ndi mwana wa mlongo wawo, mayi wamasiye wogulitsa usipa wouma mumsika, amene ankawatchula kuti asibweni, monga timatchulira amalume kwathu kuno.

Tinkawatengera ufa wa kondowole, sopo ndi shuga pang'ono, ndipo m'nyengo yozizira tinawapatsa bulangete. Mabulangete athu tinkawasoka kamtanda ka ulusi wofiira pakona. Kachitidwe kathu kanali kuika katundu pakhomo, kuimba ndime imodzi, kupemphera chiimire, n'kumapita. Tinkati makomo ndi ambiri, koma zoona zake tinkaopa chifuwacho.

Patapita miyezi ndinayamba kuona zosalongosoka. Sopo wa mwezi ankatha sabata imodzi, koma malaya a bambowo ali bii. Thupi linkapitirira kutha. Ndikawafunsa ankayang'ana pansi n'kunena kuti zinthu zimatha, ama, ndi mmene zinalengedwera. Kenaka m'mawa wina, ndikuperekeza mchemwali wanga ku sitima, ndinaona bulangete lija pa mapewa a munthu wonyamula katundu pa doko, kamtanda kathu kali poonekera. Sindinamufunse. Pachifuwa anali ndi baji ya chipani, ndipo masiku amenewo munthu wa baji sunkamufunsa kumene watenga chinthu.

Maganizo anga anathamangira kwa mayi wamasiye uja. Ndiye ankakhala mumsika tsiku lonse, pafupi ndi anthu a pa doko. Ndinakumbukira kuti anali atagula chitenje chatsopano. Ndinakumbukiranso kuti ndikafika ankafulumira kulowetsa katundu m'nyumba osandiyang'ana kumaso. Chilichonse chimene ankachita chinasanduka umboni m'mutu mwanga, ngakhale moni wake. Ndinauza mtsogoleri wa amayi, nkhani inafika kwa akulu a mpingo, ndipo mayiyo ataitanidwa anangoti sanagulitse kanthu. Akulu anati adzagamula Loweruka lotsatira ngati aimitsidwe kudya Mgonero, ndipo mboni ndinali ine. M'tauni yaing'ono ngati yathu, wamasiye woimitsidwa chifukwa chobera wodwala, usipa wake ndani akanaugulanso?

Chinandisowetsa mtendere ndi lamulo lija la m'Malemba lakuti mlandu sukhazikika pa mboni imodzi. Ine ndinali ndekha, ndipo ndinaona bulangete, sindinaone dzanja. Sindinganame kuti ndinkafuna kumupulumutsa. Ndinkafuna umboni wachiwiri. Choncho Lachiwiri dzuwa lili pamutu ndinakwera mtunda uja podzera m'munda wa chinangwa kuseri kwa nyumba, poganiza kuti ndimupeza akutapa ufa.

Ndisanafike ndinamva kuseka. Bambo aja ndinali ndisanawamvepo akuseka.

Pakhonde panali amuna atatu a pa doko, chifukwa tsikulo kunalibe sitima, ndipo mmodzi anali wa baji uja. Anakhala pamphasa mozungulira pamodzi ndi bambowo, makhadi a njuga akuda ndi thukuta ali m'manja. Pakati panali sopo wathu atamudula tizidutswa, shuga m'kapepala, ndi envulopu ya mapiritsi a kuchipatala.

"Ponyani, ada a ku Joni," anatero mmodzi, "kapena mtima unatsala kumgodi pamodzi ndi mwendo?"

"Iwe," anayankha bambowo akutsokomola, "ine ndinkadya anthu pa njuga m'komponi ya kumgodi iwe ukuyamwa. Bweretsa kuno."

Anaponya, ndipo mapiritsi anapita. Ndinaona kuti wina anakhala chakumbuyo kwa bambowo pamene akanatha kuona makhadi awo, ndipo ankakanda khutu nthawi ndi nthawi. Kaya chinali chizindikiro, kaya khutu linkangoyabwa, sindidziwa. M'mtima mwanga munabwera asilikali aja ochita maere pa zovala pansi pa mtanda, mwini wake akali moyo pamwamba pawo.

Nditatulukira anandipatsa moni mwaulemu. Wa baji anandifunsa ngati si ine mkazi wa kalaliki wa ku boma, ndipo anati mwamuna wanga amamudziwa bwino, ndi munthu wabwino, apitirize choncho. Ndinamva chimene ankatanthauza. Anatola zawo n'kutsika, mapiritsi ali m'thumba.

Ndinafunsa bambowo ngati akudziwa kuti mwana wa mlongo wawo ali pa mlandu chifukwa cha iwo. Anati akudziwa, ndipo ankayembekeza kupambana kamodzi kokha kuti abweze zonse Loweruka lisanafike. Ndinayamba kuwadzudzula ndi mawu a m'Malemba, ndipo anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Ama," anatero, "inu mumabwera Lachinayi, mumaima apo, mumapita. Awa amakhala pansi."

Ngakhale anzake a munthu wa zilonda uja wa m'Malemba, amene timawanyoza m'maulaliki, anayamba akhala naye pansi masiku asanu ndi awiri asanatsegule pakamwa.

Ndinatsikira kumsika. Mayi uja anandimvetsera akupunga ntchentche pa usipa. Anati ufa ankakausungitsa kwa oyandikana nawo poopa njuga, n'chifukwa chake ankafulumira kuulowetsa, koma sopo ndi mankhwala asibweni ankazipeza ndithu. Nditamufunsa chifukwa chake sanauze akulu, anandiyang'ana koyamba. Anati munthu amene anamulera bambo ake atamwalira, akanamuvula bwanji pamaso pa mpingo? Ndinapepesa pomwepo, anthu akuona. Anangoti wamva.

Loweruka ndinanena zonse kwa akulu, kupatula za baji. Pamenepo ndinachita mantha, ndipo ndikuvomereza. Mayiyo sanaimitsidwe, koma kwa nthawi yaitali ankakhala pa benchi lakumbuyo, ndipo chitenje chija sindinamuonenso atavala. Ife tinasintha: tinayamba kupita ndi chakudya chophikaphika, mapiritsi ankayenda nawo mayiyo kumsika, ndipo tinkakhala pamphasa mpaka bambowo atadya.

Njuga sinathe. Amuna aja ankabwerabe masiku opanda sitima, ndipo tsiku lina tinapeza bambowo ali ndi ndodo imodzi yoyendera m'malo mwa ziwiri. Anamwalira m'dzinja la chaka chotsatira. Atatu aja anathandiza kunyamula bokosi, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira sindidziwa ngati ankalira mnzawo kapena munda umene ankakololamo.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Mukadzafooka akupatseni osamala okhulupirika, akutchinjirizeni kwa odya ofooka, ndipo mtendere wake ukhale pa makomo anu ndi pa odwala anu onse. Amen.