Kompyuta Yosalankhula

Amuna anga atamwalira, mwana wathu wamkazi anali asanayambe n'kuyenda komwe. Anakula akundifunsa kuti abambo ake ankalankhula bwanji, ine n'kumangoti mawu awo anali aakulu. Yankho lotere silikhutitsa mwana.

Ali sitandade sikisi, mlendo wina wa kunja amene kale anajambula kwaya yathu anatumiza CD. Pamenepo panali nyimbo za nthawi imene malemuwo ankaphunzitsa kwaya. Tinaiyesa pa wailesi ya anansi, inakana. Anati imafuna kompyuta.

Kompyuta inalipo kwa alamu anga, achemwali awo a malemu, kufupi ndi ku Nguludi kumene kunali magetsi. Anaigula yakale ku ofesi ina imene inkatsekedwa, ndipo ankalembera anthu makalata. Kulemba inkalemba, koma inali isanatulutsepo mawu. Tsiku limene tinapita ndi CD ija inachita kuwonjeza mwano: inangolira katatu n'kuzima.

Alamu anga ndi munthu wosapupuluma, mpaka nthawi zina amandikwiyitsa. Ine mtima uli m'mwamba, iwo anayala chitenje pakhonde, n'kumasula bokosi la kompyutayo, tizitsulo tonse n'kuika m'mbale ya tiyi. Fumbi analichotsa ndi pampu ya njinga. Anazula kachiwalo kena kooneka ngati chipeso, n'kukapukuta ndi labala ya pensulo, n'kukabwezera. Kompyuta inayaka.

"Basi yachira?" ndinafunsa.

"Yadzuka chabe, alamu. Pakamwa sipanatseguke. Ikufuna madiraiva."

Anandifotokozera kuti timeneti ndi timapulogalamu touza kompyuta mmene ingagwiritsire ntchito ziwalo zake, ndipo chiwalo chilichonse chili ndi kake. Kwathu intaneti kunalibe. Anayenera kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kukakhala pamzere m'kasitolo ka intaneti, n'kukopera pa madisiketi.

Ulendo woyamba anatenga dzina lolembedwa kunja kwa bokosi. Madiraiva anabwera, kompyuta n'kuwakana. Ine ndinapsa mtima, ndinati makinawa n'ngachabechabe, tingowasiya. Iwo anangoseka.

"Bokosi ndi malaya chabe. Eni ake akale anasintha zam'kati. Tiifunse yokha dzina lake."

Anaitulutsanso padzuwa. Bolodi lalikulu lam'kati, limene ankalitcha mazabodi, linali ndi tizilembo tobisika kuseri kwa mawaya. Anatenga kagalasi kanga kodziyang'anira, n'kukalowetsa mopendeketsa kuti kuwala kufike, n'kumawerenga manambala a kachiwalo ka mawu chobwerera m'mbuyo. Anawalemba pamkono ndi bolopeni, akuti pepala limatayika m'minibasi koma mkono sutsala. Ndinawayang'ana atagwada pamenepo, mayi wa ana anayi, diso limodzi atatsinzina, ndipo ndinawanyadira kwambiri.

Ulendo wachiwiri disiketi inafika itawonongeka ndi kutentha. Wachitatu anakopera pawiri, n'kukulunga m'mpango, n'kusunga m'chikwama cha pachifuwa. Sanadandaulepo, ngakhale makalata a anthu anali atawunjikana patebulo. Nditawapepesa anandidula mawu: "Anali mchimwene wanga ndisanakudziweni inu."

Linali Loweruka masana pamene anatiitanitsa. Mwana wanga anakhala pampando, manja ali pamaondo ngati ali m'tchalitchi. Alamu anaika madiraiva aja, anazimitsa kompyuta, anaiyatsanso, ndipo timasipika tiwiri tinalira kanyimbo kotsegulira. Sanatiyang'ane. Analowetsa CD.

Kwaya inayamba. Ndinazindikira mawu a amayi angapo, ena a iwo anapita kale. Koma a malemu anali osakanikirana ndi a amuna anzawo, ndipo mwana ankangondifunsa ndi maso kuti awo ndi ati. Ndinamva chisoni kuti maulendo onse aja angothera pamenepa.

Pakati pa nyimbo yachitatu panamveka khanda likulira chapatali. Wina anawomba m'manja, kwaya n'kusiya. Kenako mawu aja, okhaokha, pafupi penipeni:

"Taimani kaye, wanga uyo akulira. Bwera naye kuno, mayi."

Panamveka mapazi, ndiye anali anga. Kulira kunayandikira, iwo n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo ka Chilomwe kotonthozera mwana, mpaka khandalo linakhala chete.

Mwana wanga anasendeza mpando kufupi ndi timasipika tija.

"Azakhali, bwezeraninso pamene akuti wanga."

Alamu anagwira mausi ya kompyuta kuti abwezere, koma anaphonya kawiri.