Wailesi m'Lamya ya Amalume

Lamya ya amalume inali yobiriwira, yolemera ngati mwala wonolera mpeni, ndipo inkakhala m'sitolo mwawo pakati pa sopo ndi mabotolo a palafini. Chogwirira chake chinkanunkha usipa, pakuti asodzi ndi ogula nsomba ankaimbira pomwepo.

Dzinja limenelo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anali atagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe, ine atandisiya kwa amalume pa boma la Nkhotakota. Lachisanu lililonse, amalume akangobwera kumzikiti, lamya inkalira. Namwino wina wachifundo ankawalola amayi kuimba pang'ono.

Koma mvula itayamba, m'lamyamo munalowa wailesi. Ukaika kukhutu unkamva munthu akuwerenga nkhani, nthawi zina magitala, mawu a amayi ali pansi pake ngati a munthu woyankhulira m'chitsime. Ndinkakuwa kuti akweze mawu. Iwo ankangofunsa zomwezo, ngati ndikudya, ngati ndikupita ku madarasa. Ndikuvomera lero, manyazi ali m'maso, kuti tsiku lina ndinaleka kuwamvera n'kumatsatira nyimbo, ndikugwedeza mutu.

Amalume anayesa zonse. Anapala dzimbiri pa mawaya, anazimitsa wailesi yathu, anapemphanso oyandikana nawo kuti azimitse zawo, koma sizinathandize. Aphunzitsi athu, amene ankagula shuga m'sitolomo, anati waya wautali wodutsa pa malata ndiwo ukukoka mawuwo ngati mlongoti. Amalume anaudula n'kuufupikitsa, wotsalawo n'kuukulunga pa mphete yachitsulo. Nyimbo zinachepa, koma sizinathe. Amalume anapalasa njinga katatu m'matope kukaitana munthu wokonza malamya. Munthuyo atabwera anakhoma kabokosi kakang'ono pakhoma, nasintha waya wonse umene chinyontho chinadya.

Lachisanu lotsatira m'lamya munali zii. Ndinamva ngakhale nsapato za anamwino akudutsa. Koma mawu a amayi anali aang'ono chimodzimodzi, ndipo ankati akanena mawu awiri n'kupuma, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Mwanangu, uziwamvera amalume ako," anatero. "Tsitsi usamalisiye losaluka."

Ndinapereka lamya kwa amalume. Anamvetsera atatembenukira kukhoma, kenako anaibwezera pamalo pake pang'onopang'ono ndi manja awiri. Amayi sanaimbenso. Tinawaika m'manda mpunga usanache, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati wailesi ija inkandibera mawu awo kapena inkandibisira chimene anthu aakulu onse ankadziwa kale.

Koma Lachisanu lija ine ndinali wokwiya chabe. Ndinakoka mkanjo wa amalume n'kuwauza kuti munthu uja watinamiza, lamya sinakonzeke, amayi sakumvekabe. Ndinawachonderera kuti mawa lake apalasenso njinga akamuitane. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati apita.