Mpanda wa Minga pa Repu wa Agwape

Magolovesi obiriwira aja ndikadali nawo, chala chimodzi chong'ambika. Ndinawavala koyamba Loweruka loyamba la Seputembala, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, tsiku limene aphunzitsi anatitengera kunkhalango ina kumpoto kwa Ilford, tauni ya kutsidya kwa nyanja kumene tinkakhala.

Ntchito inali yodula zitsamba za minga kuti dzuwa lizifika pansi, kenako kumwaza njere za repu pamene talambulapo. Repuyo anali wa agwape a m'nkhalangomo, kuti chisanu chikafika adzapeze chodya. Aliyense anapatsidwa kachigawo kake. Ine ndinaikonda ntchitoyo chifukwa kumwaza njere sikufuna kuyankhula ndi munthu.

Kunyumba ndinangonena kuti ndili ndi dimba la repu. Zotsalazo ndinauza kabuku kanga kolembamo zakukhosi. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo akaweruka ankagona pampando asanavule nsapato. Nkhani zazitali sizinkapeza malo m'fulati mwathu.

Loweruka lina la Novembala, atangochokera kushifiti, amayi anati akufuna akaone dimbalo. Tinakwera basi, kenako tinayenda m'matope, masamba onyowa akumatirira kunsapato. Titafika tinapeza repu wanga atadyedwa, kutangotsala timapesi, pansi pali mapazi a ziboda. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe: agwape anabwera kwa ine.

Amayi anagwira pakamwa.

"Mayo, mwana wanga, zakudyera! Aphunzitsi akowo chibadwire analimapo?"

Anaika chikwama pansi n'kupita pamulu wa minga ija tinadula. Anayamba kuikoka ndi manja, akuiluka mozungulira kachigawo kanga. Pansi pa jekete anali akadali mu yunifolomu yonunkha mankhwala okolopera. Mpweya unkatuluka m'kamwa mwawo ngati utsi.

"Gwira apa. Dimba lopanda mpanda ndi la nyama, wamva?"

Ndinagwira. Mawu oti "ndi la nyamadi, amayi" anafika pakhosi n'kubwerera. Ndinkadziwa kuti sabata yotsatirayo kalasi yonse idzabwera, aphunzitsi adzafunsa amene watsekera agwape chakudya chawo, anzanga adzaseka. Koma ndinkaonanso magazi pazala za amayi. Lero ndimati ndikadangonena, mwina akadaseka okha. Nthawi imeneyo zonse ziwirizo zinkandilemera chimodzimodzi, ndipo ndinatopa nazo ngati ndine ndagwira shifiti.

Atamaliza anabwerera m'mbuyo n'kuuyang'ana mpandawo.

"Aphukiranso ameneyu. Repu sachedwa."

M'basi pobwerera ankazula minga m'zala ndi mano, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Chaka chonsecho ndinali ndisanawamve akuimba. Sindinamvetse kuti munthu wotopa choncho angasangalale bwanji ndi ntchito ina yowonjezera. Ndinali ndisanadziwe kuti tsiku ndi tsiku ankasambitsa ndi kudyetsa anthu amene sadzachiranso, ndipo masana amenewo anapeza chinthu chimodzi chimene chikanatha kuphukira.

Madzulo ake ndinalemba zochita mawa. Tikatuluka m'tchalitchi ndidzapempha amalume andiperekeze kunkhalango. Ndidzatsegula kampata kumbali yoyang'ana kumitengo, kokwana gwape mmodzi. Mbali zinazo ndidzazisiya mmene amayi anazilukira, ndipo aphunzitsi akadzafunsa ndidzati mpandawo ndi wathu.