Nkhope ya Amayi pa Khoma la Msika

Amayi anga anatilera ndi nyundo. Ankaswa miyala m'mphepete mwa msewu ku Kanyama, ndipo ana awo tonse tinamaliza sukulu ndi miyala imeneyo. Dzuwa linawadetsa bii, kachidutswa ka mwala kanawaboola diso lakumanzere.

Chaka china komiti ya kumsika inaganiza zojambula pakhoma azimayi amene anachita zazikulu m'komboni mwathu: mzamba, mphunzitsi, ndi amayi anga. Amayi anasangalala ngati mwana. Anabwereka chitenge chatsopano, n'kukakhala pampando tsiku lonse osagwedezeka, wojambula akuwayang'ana.

Wojambulayo ntchito yake inali ya zikwangwani za masaluni, ndipo dzanja lake linkadziwa nkhope imodzi yokha: mkazi woyera, wamphuno yosongoka, wamasaya osalala. Ndinkamuona akusakaniza penti, kuthira yoyera, kuthiranso. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwira.

Tsiku loonetsa zithunzizo kunabwera alendo a magalimoto. Atachotsa nsalu pakhoma, tinaona mtsikana woyera mbee, wamaso awiri owala, atagwira nyundo ngati duwa. Pansi pake analembapo dzina la amayi. Anzawo a kumiyala anaseka mpaka kugwirana.

"Ba neba, kanshi munabala mukaladi?" anafunsa mmodzi.

Amayi anayandikira khoma kuti ndiwajambule pafoni. Mlendo wina wamkazi, amene ankafuna kujambulitsa pomwepo ndi anzake, anawagunda paphewa ndi chala chimodzi. "Amai, sendelani uko, mutichinga." Amayi anapepesa, n'kusuntha.

Ndinafuna kumutukwana, koma amayi anandigwira mkono. "Leka," anatero. "Anikonza bwino."

Ine ndinkati zathera pomwepo. Patapita milungu ingapo ndinawapeza kuseri kwa nyumba ndi kagalasi, akudzola mafuta oyeretsa khungu, aja amagulitsidwa mobisa kumsika. Masaya anali atayamba kale kupsa, mawanga ofiira ngati nyama yowauka pambaula. Ndinawalanda botololo ndikulira ndi ukali, ndipo ndinawakalipira ngati si amene anandibala.

Anangotambasula dzanja lawo lokhakhala, diso lawo limodzi lili pa ine.

"Nipase. Bazukulu banga bakapita paja bazafunsa ati ni ndani uja. Nifuna bakanizibe."