Chotsani Mbale Kaye

Dzina loti Chotsambale sanabadwe nalo ayi. Analitola pa kauntala ya sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, pomwe akhala akuyeza misomali kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Munthu akafuna kilo imodzi, iwo amayamba aika mbale yopanda kanthu pa sikelo, n'kubweza muvi pa ziro, kenaka n'kuthira misomali. "Chotsani mbale kaye," amatero kwa aliyense wokhudza sikelo yawoyo. "Munthuyu akakhoma denga ndi misomali, osati ndi mbale." Mwini sitolo anawakalipira mpaka malovu kuuma. Masitolo oyandikana nawo amagulitsa mbale imodzi yomweyo kakhumi pa tsiku, koma a Chotsambale ankati bola kugona ndi njala.

Kunyumba kwawo, zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, ankakhala anthu atatu: iwowo, akazi awo ochapa ndi kusita zovala za anthu, ndi mayi awo owabereka, amene nyamakazi inawapinda maondo mpaka kuleka kuyenda. Wosambitsa, wotembenuza ndi wonyamula mayiwo anali mpongozi wawoyo. Timapilisi ta kuchipatala tinkangoseweretsa ululu, ndipo nthawi zambiri tinkakhala titatha. Tsiku lina, ali pa mzere kuchipatala komweko, mayi wina anawanong'oneza mpongoziyo kuti masamba a chamba akawanyika m'mafuta ophikira, n'kumapaka m'maondo, wodwala amapezako tulo.

A Chotsambale chamba sankachifuna n'komwe. Ankawaona anyamata a pa kona ya msewu wawo, ena oti anali anzeru kusukulu, akulankhula okha ndi mitengo ya magetsi. Koma analinso atatopa kumva mayi awo akubuula ngati mwana. Akazi awo atabwera ndi timasamba todzaza dzanja limodzi, n'kutenga kabotolo kakang'ono koti anyikemo, mwamunayo ndiye anawaletsa.

"Kabotolo ako katha sabata imodzi, mayi, ndiye muzikabwererakonso kwa anthu amenewo? Thirani m'chigubu cha mafuta chonsechi, mukhale mwapitako kamodzi kokha."

Nzeru zimenezo zinali zawo, ndipo mpaka lero zimawadya mumtima. Mafutawo anathandiza ndithu, moti mayi aja anayamba kukhala tsonga n'kumadzudzula makatani akuda. Koma patapita miyezi iwiri, mkangano wa chingwe choyanikira zovala ndi mnansi wina unabweretsa apolisi masana dzuwa likuswa mtengo. Anapeza akazi a Chotsambale atagwada, manja ali noninoni, akusisita maondo a apongozi awo. Anawanyamula pamodzi ndi chigubu chija.

Kupolisi anachiika chigubucho pa sikelo momwe chinalili, ndi mafuta ake, chivindikiro chake ndi kachingwe konyamulira komwe. Makilo anayi ndi theka. Loya wa boma wothandiza osauka, amene anali ndi mafayilo ofika m'chibwano, anawafotokozera a Chotsambale pa khonde la khoti kuti wopezeka ndi zochepera theka la kilo amangopatsidwa ntchito yosesa, koma woposa pamenepo lamulo limamutenga ngati wogulitsa.

"Wogulitsa chiyani? Mafuta?"

"Bambo, chilichonse chosakanizidwa ndi chamba chimawerengedwa ngati chamba."

"Ndiye akanathira m'diramu la madzi, bwenzi akazi anga ali ndi makilo mazana awiri?"

Loyayo anangoyang'ana wotchi yake.

Tsiku la mlandu a Chotsambale anavala jekete la ukwati wawo, m'thumba ataikamo mwala wa sikelo wa kilo imodzi, moti jeketelo linapendekera mbali imodzi. Mlandu woyamba m'mawawo unali wa dalaivala amene anagunda munthu wa panjinga ataledzera. Wogundidwayo analipo, mwendo umodzi wa buluku lake utapindidwa n'kumangidwa ndi pini. Dalaivalayo anapepesa, analipira chindapusa, nauzidwa kuti asadzayambirenso, n'kutuluka akuimba foni. A Chotsambale mtima unakhala pansi. Ngati wodula mwendo wa munthu akupita kwawo, kuli bwanji wosisita mwendo?

Mlandu wa akazi awo utafika, a Chotsambale anaitanidwa kuti apereke umboni, ndipo woimira boma pa mlanduwo anawayang'ana kuyambira kunsapato.

"Akuti ndinu katswiri wa sikelo?"

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, bwana."

"Nayi sikelo ya apolisi. Tiuzeni ngati ikunama."

Apa ndiye panafunika munthu wodziwa kutsokomola n'kunena kuti maso ake sakuona bwino. Koma a Chotsambale akaona sikelo amaiwala zonse. Anaipukuta ndi mpango, anaisuntha kuti ikhale pofanana, natulutsa mwala wawo uja n'kuuikapo mwaulemu.

"Ili bwinobwino, bwana. Kunena zoona, ikuchepetsako pang'ono."

"Zikomo kwambiri. Khoti lamva lokha kuchokera kwa mwamuna wa woimbidwa mlandu. Khalani pansi."

"Koma simunachotse mbale!" anakuwa a Chotsambale. "Chotsani chigubu, sefani mafuta, muyeze masambawo! Safika ngakhale pa misomali khumi!"

Anthu m'khoti anaseka, chifukwa ambiri anali ogula misomali kwa iwo. Woweruza sanaseke. Anali bambo wachikulire wooneka wotopa, ndipo anavula magalasi n'kutikita m'maso asanalankhule.

"Bambo, ndakumvani, ndipo mwina simukulakwa. Koma lamuloli sindinalembe ndine, ine ndimangoliwerenga. Kulemera kukafika apa, pali chilango chimene sindiloledwa kutsika nacho."

Zaka zisanu ndi chimodzi. Akazi a Chotsambale sanalire. Anangotembenuka n'kunena kuti, "Abambo, amayi muziwatembenuza kawiri m'mawa, asachite zilonda. Malaya a aphunzitsi aja ali pansi pa pilo, ndasita kale."

Kunena kuti a Chotsambale anakwiya n'kuchepetsa nkhani. Anayenda maofesi mpaka nsapato kung'ambika, ndipo paliponse ankawauza kuti nkhani yawo ndi yomvetsa chisoni, abwere Lachinayi. Palibe anatha kuwaonetsa munthu mmodzi yekha amene akazi awo anamulakwira. Mnyamata amene anagulitsa masamba aja akadali pa kona pomwe paja, ndipo amawapatsa moni. Iyeyo amayenda ndi timapaketi tiwiri titatu basi, poti malire a theka la kilo amawadziwa kuposa loya. Chimakomera mbuzi kugunda galu.

Mayi aja anabwerera pa mphasa. Mwana wawo amawasambitsa mwamanyazi asanapite kuntchito, n'kuwathowa ndi madzi ofunda amene sathandiza kanthu. Tsiku lililonse amafunsa kuti mpongozi wawo abwera liti, ndipo iye amayankha kuti posachedwa. Munthu amene sanabepo ngakhale msomali umodzi tsopano amanamiza mayi ake m'mawa uliwonse.

Patatha miyezi itatu, akazi awo anasamutsidwira ku ndende yaikulu, ndipo Loweruka lina a Chotsambale anapitako ndi bakuli la chakudya chimene anaphika okha, chopserera pansi. Pa geti panali lamulo loti mkaidi asalandire zoposa makilo awiri. Msilikali wa ndende anaika bakulilo pa sikelo yakale ya dzimbiri.

"Makilo awiri ndi magalamu mazana atatu."

A Chotsambale sanatsutse. Anali atatopa kutsutsa. Anatsegula bakulilo kuti achotseko chakudya china, koma msilikaliyo anawagwira dzanja.

"Dikirani, madala, mukuthamangira kuti? Bakulili ndi lolemera palokha. Kuno timachotsa mbale kaye. Nanga mayiwo adya chitsulo?"

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri a Chotsambale ankalakalaka kumva mawu amenewo pakamwa pa munthu wina. Anafuna kuthokoza, koma misozi inayamba kudontha pa chivindikiro.

"Mwatani kodi?" anafunsa msilikaliyo. "Tikachotsa bakuli, zakwana. Lowani, akukudikirani."