Botolo Loima Chadodolido

Amuna anga sankamwa mowa, koma zaka zawo zomaliza anazithera pa vinyo. Anakulira m'munda wa fodya ku Kasungu, ndipo titabwera kuno ku Mangalande anakhala nthawi yaitali akukolopa m'maofesi, nkhope ili ndwii ngati munthu womangidwa popanda mlandu. Kenaka mnzawo wina anawauza kuti kuseri kwa tauni ya Romford, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda, kuli munda wa mphesa umene ukufuna aganyu okolola. Anapita ngati ganyu ya masabata ochepa. Ku zokolopa sanabwererekonso.

Ine ndinkawaseka. Mphesa zingapse bwanji m'dziko limene dzuwa lake limatuluka ngati likuchita kupemphedwa? Tsiku lina anabwera nazo m'thumba la jekete. Ndinalawa imodzi n'kulavula, kuwawasa kwake kuposa bwemba. Iwo anati kuwawasako ndiye chuma chake, vinyo wathovu amafuna mphesa zotere, zokulira m'chisanu. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma ukangowafunsa za kumundako, chakudya chinkazizira m'mbale.

Motero ndinaphunzira ntchito yawo ndisanaifune. Vinyo akawira koyamba m'thanki, amamuthira m'mabotolo pamodzi ndi shuga ndi yisiti pang'ono, n'kutseka ndi kachitsekerero kachitsulo. Amawiranso m'botolo momwemo, thovu n'kusowa potulukira. Akatero amagonekedwa mumdima zaka ndithu. Koma m'katimo mumatsala masese, ndipo azungu safuna kuona masese m'tambula mwawo. Ndiye amazika botololo khosi pansi pa thabwa lobowola, n'kumalipotokola pang'ono tsiku ndi tsiku, uku akulikweza kumatako pang'onopang'ono, mpaka masese onse atsetserekere kukamwa, vinyo wapamwamba n'kuyera mbee. Pomaliza amaumitsa khosilo ndi chisanu, n'kutsegula, masese n'kudumphira kunja. Masiku ano zambiri zimachitidwa ndi makina, koma mwini mundawo ankasiyako mabotolo ena opotokola pamanja, ndipo anaphunzitsa amuna anga.

Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Tinkanyozana kuti m'nyumba muno tonse ndife otembenuza, ine nkhalamba, iwo mabotolo. Ndinkati anga amathokoza. Iwo ankati awo sadandaula.

Vinyo wa mphesa zimene anakolola chaka chawo choyamba atakhwima, mwini munda anawapatsa botolo limodzi masese akadali momwemo, kuti alimalize okha kunyumba. Anabwera nalo pabasi atalikulunga m'juzi. Anabowola thabwa n'kuliika m'kabati ya kunsi kwa masitepe, mmene muli mita ya magetsi ndi zosesera, chifukwa ndimo mozizira kwambiri m'nyumba mwathu. Kumatako kwa botolo analembako kamzere ka choko koti azidziwira pamene alekezera. M'mawa uliwonse asanathamangire basi ndinkamva chitseko cha kabatiyo chikulira.

"Nanga adzamwe ndani, poti inu simumwa, ine sindimwa?" ndinawafunsa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero. "Ndingofuna ndione chinthu chimodzi chimene ndinachiyamba kumtengo chikuyera m'manja mwanga."

Anagwa pamalo odikirira basi, m'mawa wa tsiku wamba. Sitiroko. Kuchipatala cha ku Romford anagona mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka oduka. Ine amene ndimamva zolankhula za nkhalamba zopanda mano ndinkalephera kumva amuna anga. Koma tsiku lina anakweza dzanja lawo lamoyolo, zala zitatu zitagwira chinthu chosaoneka, n'kupotokola pang'ono. Anabwereza.

"Botolo?" ndinatero.

Anatsinzina kuvomera.

Ndinkalipotokola ine. M'mawa ndisanapite kuchipatala ndinkagwada m'kabatimo, kuyang'ana kamzere ka choko, n'kusuntha pang'ono monga mmene ndinkawaonera. Ntchito yaikulu anali atagwira kale eni ake. Botololo linali litatsala pang'ono kuima chadodolido, masese ataunjikana kukamwa ngati phulusa lonyowa, ndipo ukawalitsa ndi foni kuwalako kunkadutsa bwinobwino. Ndikafika kuchipatala ndinkawauza kuti ndachita, iwo n'kutsinzina. Nkhani yathu inatsala imeneyo basi.

Atamwalira sindinamve kanthu. Ndikunena zoona. Ndaonapo imfa zambiri kuntchito ndipo manja anga amadziwa chochita. Ndinawatseka maso, ndinaimbira mlamu wanga kumudzi, ndinaimbira mwana wathu wamkazi amene amaphunzira kutali ndi kuno, n'kukwera basi kubwerera kunyumba. Ndikukumbuka kuti ndinapatsa mpando mayi wina woyembekezera.

Maliro n'kulirana, ndipo anthu athu mwambo umenewu sanausiye pabwalo la ndege. Pofika madzulo nyumba inali itadzaza. Anachokera ku Lewisham, ku Croydon, ena atavalabe yunifolomu ya kuchipatala, atangomangira chitenje pamwamba. Mipando anaikankhira kukhoma, amayi tinakhala pansi, nyimbo zikuimbidwa chapansipansi kuopa kusokoneza oyandikana nawo. Ndipo namfedwa sagwira ntchito. Ukati udzuke ukatenge kapu, manja anayi akubweza pansi. Nyumba yako imakhala ya odzakhuza maliro, iwe n'kukhala mlendo pa kapeti yako yomwe. Za botolo ndinaziganiza, koma ndinati likhoza kudikira. Kungokhala osapotokoledwa masiku ochepa sikuononga kanthu.

Pakati pa amayiwo panali mayi wina wachikulire wa ku Zambia, wa kutchalitchi kwathu, wobadwira ku Chipata koma wokulira ku Lusaka. Ndi munthu wamtima wabwino, koma ndi aja akalowa m'nyumba mwako amakasesa pomwe iwe unabisa zinyalala. Mawa lake masana, anthu atadya, anapita kukafuna chosesera m'kabati ya kunsi kwa masitepe. Ndinamva chitseko chija chikulira, ndipo mutu wanga unatembenuka wokha.

Anatuluka atanyamula botolo, akulikhutchumula. Sankaganiza n'komwe zimene ankachita. Aliyense wokulira pa thobwa amatero, akaona masese atakhazikika dzanja limayamba lokha. Analizondotsa, kulibweza, kulizondotsanso, akuyenda kubwera pamene ndinakhala.

"Asisi, ichi chibotolo chenze chazondoka mu kabati," anatero. "Vonse vinakhala ku kamwa monga munkoyo wogonera, ija thobwa ya kwathu. Manje nasakaniza mushe. Niike mu filiji?"

Ndinayang'ana. M'botolo monse munali mbuu, ngati madzi otsukira mpunga. Mayiwo anatenga kansalu konyowa kamene kanali paphewa pawo n'kulipukuta bwinobwino, ndi kumatako komwe, poganiza kuti choko chija ndi litsiro.

Mwana wanga ankadziwa za botololo. Anadzambatuka n'kulankhula mawu akuthwa m'Chingerezi, nyimbo n'kuduka. Ndinamugwira mwendo kuti akhale pansi. Mwana salankhula chonchi kwa akulu, makamaka akulu amene asiya shifiti yawo kudzagona pansi m'nyumba mwako.

"Zikomo amayi," ndinatero. "Ikani pathebulo pomwepo."

Anaika, n'kupita kukasesa. Wina anayambitsanso nyimbo. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, pajatu ine ndine wapakamwa, kuntchito amandidziwa. Sunabwere. Misozi nayo ayi. Ndinangokhala n'kumayang'ana timasese tikuyandama m'botolomo, kutsika, kukwera, ndipo ndinkamva kuti mwendo wanga wachita dzanzi koma sindinausunthe.

Tinawaika kuno konkuno. Mwini munda wa mphesa anabwera kumanda, mzungu wamtali wamanyazi, anaima kumbuyo kwenikweni chipewa chili m'manja. Pomwazikana ndinamuuza zimene zinachitikira botolo lija. Anandiyankha mokoma mtima kuti ndisadandaule, palibe chaonongeka. Vinyo ali bwinobwino. Ndingolizikanso pathabwa n'kuyambiranso kupotokola, pakatha masabata angapo liyeranso ngati kale. Kapena ndimupatse, makina ake achita m'masiku ochepa. Ankanena zoona, ndipo ankafuna kunditonthoza. Ndinamuthokoza.

Anthu anabwerera kwawo, mwana anabwerera kusukulu, mipando ndinaibwezera m'malo mwake. Tsiku loyamba kubwerera kuntchito ndinadzuka m'mawa, ndinasamba, ndinavala yunifolomu, n'kutenga botolo lija pathebulo. Ndinagwada m'kabatimo, ndinalizika khosi pansi pabowo lake, n'kuika zala zitatu kumatako kwake.

Panalibe poyambira. Kamzere kaja kanali katapita, ndipo ngakhale ndikanalemba kena, kakanakhala kanga. Masabata onse aja ndinkangopitiriza pamene dzanja lawo linalekezera, iwo kutsogolo ine pambuyo. Tsopano botololo likanayera ndithu, mzungu uja sananame, koma likanayera ndi ntchito ya manja anga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimene amuna anga ankafuna kuona sichinali chimenecho.

Ndinalizula pathabwapo n'kuliimika pansi chilili, pambali pa chidebe chokolopera, monga limaimira botolo lina lililonse. Ndinatseka kabati, ndinatenga chikwama. Kunja kunkawaza kamvula. Basi inabwera pa nthawi yake, ndinapeza mpando wa pawindo, ndipo tili pa mphambano ya kumsika m'pamene ndinazindikira kuti panalibenso chimene amuna anga anandituma.